Wakumbuyo Sakupalasa

Msana wa Norbert ndimaudziwa kuposa nkhope yake. Sindikunena zoseka ayi. Munthu ukakhala pachishalo chakumbuyo cha njinga ya anthu awiri kwa zaka zoposa makumi anayi, dziko lonse umalionera m'mbali, koma kutsogolo kumangokhala msana wa mwamuna wako, khosi lopsa ndi dzuwa, malaya onyowa ndi thukuta, ndi kachipsera kakuseri kwa khutu. Wakumbuyo alibe chiwongolero, alibe buleki. Ntchito yake ndi kupalasa basi, kwinako amasiyira wakutsogolo.

Njingayo tinagula titangokwatirana, yobiriwira, yolemera ngati chitseko cha khola. Chilimwe chilichonse tinkatseka nyumba yathu ku Figeac, kumangirira zikwama, n'kutsata mtsinje. Ndipo m'mudzi uliwonse umene tinkadutsa simunkalephera kupezeka wina wokhala pakhonde la malo omwera khofi, woti akuwe kuti, "Bambo inu, wakumbuyoyo sakupalasa!" Aliyense amaganiza kuti nthabwala imeneyi waiyambitsa ndi iye. Ine inkandinyansa, chifukwa mitunda yonse ya dera lino ndinaikwera ndi ntchafu zangazi. Koma Norbert ankasangalala nayo. "Ndikudziwa!" ankayankha choncho. "Ameneyu ndi katundu!"

Njinga yotere sumangoikwera chikwerekwere. Wakutsogolo amayamba waima, mapazi onse pansi, manja pa mabuleki, kuigwira kuti isapendekeke, mpaka wakumbuyo akhale bwino ndi kuika mapazi pa zopalasira. Popeza kumbuyo saonako, amafunsa. Kwathu funso lake linali limodzi.

"Katundu wakwera?"

"Wakwera, bulu iwe. Tiye."

Zaka zonsezi, kaya tayambana, kaya mvula ikugwa, Norbert sananyamukepo asanamve mawu amenewa kuchokera pakamwa panga. Tsiku lina tili achinyamata ndinakwiya n'kukhala chete dala. Anaima pamenepo dzuwa likumuwotcha, osatembenuka, osabwereza funso, mpaka ine ndemwe ndinatopa.

Matenda oiwala anayamba ndi buledi. Tsiku lina m'mawa anapita kukagula buledi, anabwera naye. Ndikutsuka mbale ndinamva chitseko, wapitanso. Pofika masana patebulo panali mitanda yokwanira phwando la ubatizo. Tinaseka tonse. Kenako zosekazo zinatha. Anayamba kufunsa kuti amayi ake afika liti, amayi oti tinaika m'manda kalekale. Mwana wathu Séverine anayamba kumutchula dzina la mlongo wake. Tsiku lina anayatsa mbaula n'kutuluka, poto n'kupserera mpaka utsi kudzaza nyumba.

Séverine amakhala ku Toulouse, ndipo ndi mwana wabwino, koma ali ndi kayankhulidwe kena kamene kamandiyabwa, kofatsa ngati akuyankhula ndi wodwala. Anabwera Lamlungu lina ine ndikupopa matayala pakhonde.

"Amayi, malo aja apezeka. Kunyumba yosungira okalamba ija. Akufuna yankho sabata ino."

"Ayankhe okha."

"Amayi, mwaonda. Simukugona. Ndiye mukufuna kukwera chinjinga ichi kumbuyo kwa munthu amene dzulo amafunsa kuti bafa lili kuti m'nyumba mwake momwe?"

"Abambo ako akakwera njinga amakhala bwinobwino. Ukanawaona."

"Masiku ena sakudziwani, amayi. Mukudziwa zimenezo."

"Pakhitchini mwina. Panjinga amandidziwa." Ndinaponya pampu pansi. "Tamvera iwe. Abambo ako sananyamukepo asanamve mawu anga. Tsiku limene adzanyamuke osandimva, ubwere udzawatenge, sindidzakuvuta. Koma lisanafike tsiku limenelo, chibwana chako cha nyumba za okalambacho usandibweretsere pano."

"Mwanena nokha," anatero Séverine. Kenako anandipsompsona masaya onse awiri n'kulowa kukapereka moni kwa bambo ake, amene anamufunsa ngati wabwera pa sitima.

Tinanyamuka Lachiwiri, kutsata chigwa cha mtsinje wa Célé kulowera ku Cahors, njira imene tinaiyenda kambirimbiri. Ndinasankha imeneyo dala. Pachipata Norbert anaima monga mwa masiku onse, mapazi pansi, manja pa mabuleki. Mtima wanga unali m'mwamba.

"Katundu wakwera?"

"Wakwera, bulu iwe. Tiye."

Ndinafuna kuti Séverine akhalepo, aone, achite manyazi.

Tsiku loyambalo linali labwino moti mpaka pano limandipweteka. Norbert ankasintha magiya nthawi yake yeniyeni, mtunda usanayambe kuluma. Ankachenjeza monga amachitira wakutsogolo aliyense wodziwa ntchito yake: "Dzenje!" kuti ndidzuke pachishalo, "Tikukhota!" kuti ndipendekere limodzi naye, "Tikuima!" Tinadutsa minda ya chimanga ndi mpendadzuwa, zigafa zakale za fodya zimene pano mumangogona akadzidzi, ndi matanthwe oyera aja amene nyumba zake zinamatirira m'mbali. Pa mphambano iliyonse ndinkamugogoda paphewa, kumanja kapena kumanzere, iye n'kukhota ngati njirayo waikumbukira yekha. Zimenezo sindinkaziwerengera. Ndi wakumbuyo uti amene sathandiza?

Masana tinakhala m'mbali mwa mtsinje kudya buledi, tchizi cha mkaka wa mbuzi ndi vwende. Anasenda vwendelo ndi kampeni kake, n'kundipatsa chidutswa chapakati, chotsekemera kwambiri. Kenako anandifunsa mwaulemu ngati ndimakhala m'dera lomwelo. Ndinati inde, ndimakhala kufupi. Tinadzuka, anagwira njinga, anafunsa za katundu, ndinamutukwana za ubulu wake, ndipo zonse zinabwerera m'malo mwake. Tinagona ku Marcilhac, pafupi ndi mabwinja a nyumba ya amonke, ndipo ndinalembera Séverine pafoni mawu awiri okha: "Ali bwino."

Lachitatu kunacha ndi dzuwa loopsa. Titadutsa pamene Célé amathira mu mtsinje wa Lot, phula linayamba kununkha, ndipo madzi m'mabotolo athu anatha dzuwa lili pamutu. Nthawi imeneyo m'midzi yathu mumakhala zii, masitolo otseka, mazenera otseka, ngakhale galu sauwa. Koma wapanjinga aliyense kuno amadziwa kokatunga madzi. Amapita kumanda. Manda a mudzi uliwonse ali ndi mpope wothirira maluwa, ndipo chipata chake sichikiyidwa. Madzi a akufa tamwa ambiri ine ndi Norbert, ndipo iye ankakonda kunena kuti akufa ndi okhawo amene sakuwa za wakumbuyo.

Tinaima pa manda a kamudzi kena, pansi pa mtengo umene unali pachipata. Mwa nthawi zonse ankapita kumpope ndi Norbert, ine n'kutsala ndi njinga. Koma tsiku limenelo ndinaganiza za mayina olembedwa pa miyala, kuti angawerenge lina lofanana ndi la amayi ake n'kuyamba kulira, monga anachitira pa maliro ena mwezi wathawo. Ndiye ndinati ndipita ndine.

"Ima pompano. Usatsike. Ndikubwera."

"Ndipita kuti ine?" anatero akuseka. Anali ataima bwinobwino, mapazi pansi, manja pa mabuleki.

Mpope unali kumapeto kwenikweni, kuseri kwa kanyumba kosungira makasu. Madzi ankatuluka pang'onopang'ono, oyamba otentha, ndiye ndinadikira kuti azizire. Ndinasamba kumaso. Ndinanyowetsa mpango woti ndikamuike pakhosi. Sindinathamange ayi, ndinalibe chifukwa chothamangira. Ndinadzaza mabotolo onse awiri n'kubwerera pakati pa miyala ija ndikuganiza za chakudya chamadzulo.

Pachipata panalibe njinga.

Ndinayang'ana kumtunda, ndinayang'ana kumunsi. Msewu unali mbee, wopanda kanthu. Ndinaitana dzina lake kawiri. Foni yanga, chikwama changa, mankhwala ake, zonse zinali panjinga. Ine ndinatsala ndi mabotolo awiri ndi mpango wonyowa.

"Mukufuna bambo a njinga yaitali aja?"

Anali mayi wina wachikulire, wamfupi, wovala chipewa chaudzu, akutsitsa miphika ya maluwa m'kagalimoto kake tsidya la msewu. Pambuyo pake anandiuza kuti ndi mayi Vayssière, amabwera kudzathirira manda a amuna awo.

"Apita, mayi. Alowera chaku Cahors uko. Ine ndimayesa akukayesa mabuleki."

"Anangonyamuka?" Ndinawoloka msewu osayang'ana n'komwe. "Anangonyamuka chabe, osanena kanthu?"

"Ayi, anayankhula. Ine ndimayesa akunena ine, mpaka ndinatembenuka. Amafunsa za katundu, ngati wakwera kaya."

"Ndiye?"

"Ndiye anadikira pang'ono, mutu atapendeketsa chonchi, ngati akumvetsera. Kenako anaseka, n'kugwedeza mutu, n'kumapita. Ananyamuka bwinotu, mwaukatswiri."

Ndinakhala pansi pomwepo, pamwala wa m'mbali mwa msewu. Akanakhala kuti anangoiwala kufunsa, bwenzi ndikuti ndi dzuwa, ndi kutopa, mawa zikhala bwino. Koma anafunsa. Anafunsa, anadikira, ndipo anayankhidwa. Mawu aja amene ndinkayesa kuti ndi anga, amene ndinaimira nawo pamaso pa mwana wanga, anali nawo kale m'mutu mwake, ndipo pakamwa panga sipankafunikanso. Ndinayamba kudzifunsa kuti kodi dzulo lija pachipata anamva ine kapena anamva yemweyo wam'mutuyo. Nanga chaka chatha? Mantha oti agundidwa ndi galimoto anabwera pambuyo, ndipo ndikuvomera kuti anali opepukirapo.

Mayi Vayssière anabweza miphika yawo m'galimoto osafunsa zambiri. "Kwerani, tiwapeza. Munthu wamkulu pa chinjinga chotere sangapite patali."

"Simukumudziwa," ndinatero.

Tinayenda pang'onopang'ono mumsewu waukulu. Pokhota paliponse ndinkawauza kuti aime, n'kutsika kukasuzumira kuphompho, kumene mtsinje unkayenda wobiriwira, wosalabadira kanthu. Ndinkafunafuna tayala, chikwama chofiira, malaya oyera. Panalibe. Mayiwo ankangoyankhula, anthu okhala okha amatero. Anandiuza za amuna awo, kuti anagwa m'munda wa mphesa, tsiku limodzi basi, osadwala.

"Inu muli ndi mwayi, mayi," anatero. "Anu akadali moyo. Mumadya nawo, mumayankhula nawo."

Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanawaponyera botolo. Ndinangoti inde, ndili ndi mwayi.

Tinafunsa kwa wogulitsa mafuta, sanaone kanthu. Tinafunsa anyamata amene ankakonza denga, nawonso ayi. Apo m'pamene ndinakumbukira kuti Norbert msewu waukulu amadana nawo. Pali kamlatho kena kachitsulo kamene timawolokera tsidya lina, n'kutsata kanjira kakang'ono ka m'mbali mwa madzi mpaka mtauni. Dzulo lake lonse ankadikira kuti ndimugogode paphewa, koma lero, ali yekha, miyendo inamukumbutsa. Mayi Vayssière anafuna kuti tibwerere tikamutsate, kapena tiimbire apolisi. Ndinakana.

"Tiyeni ku mlatho wakale. Ngati ali moyo afikira kumeneko."

Ulendo uliwonse wa ku Cahors tinkauthera pa mlatho wa nsanja zitatu uja. Tinkatsamiritsa njinga pakhoma, iye n'kupita kukagula zoziziritsa kukhosi, ine n'kuvula nsapato. Mayiwo ananditsitsa pamenepo. Anafuna kudikira nane koma ndinawathokoza n'kuwauza kuti maluwa awo afota. Anandigwira dzanja mwamphamvu, ndipo mwayi uja sanautchulenso.

Ndinaima pamthunzi wa nsanja yoyamba, mabotolo ali m'manja. Alendo ankadutsa ndi ana awo, akujambulana, akunyambita zozizira. Dzuwa linapendeka. Ndinapemphera, ine amene kutchalitchi ndimangopita pa maliro, ndipo sindikudziwa bwinobwino chimene ndinkapempha. Mwina ndinkafuna abwere akulira, akufunsa aliyense ngati waona mkazi wake. Ndikanakondwa kumuona atasokonezeka, atagwa n'kusupuka bondo, ali ndi mantha. Nkhanza zimenezo ndinali nazo mumtima, ndipo sindikuzibisa.

Anatulukira chakumunsi, mumsewu wa m'mbali mwa mtsinje.

Zaka zonsezi ndinali ndisanaonepo nkhope ya Norbert akupalasa. Ndikanaiona bwanji? Tsiku limenelo ndinaiona. Ankamwetulira. Tsitsi lake loyera linali litaimirira ndi mphepo, masaya ofiira, maso owala ngati a mnyamata amene ndinakumana naye kudansi. Njinga inkayenda mowongoka, mopepuka. Kumbuyo kwake zopalasira zanga zinkazungulira zokha, pakuti tcheni chake n'chimodzi. Ndipo ankayankhula, akutembenuzira mutu pang'ono paphewa monga amachitira akafuna kuti ndimve. Analoza nsanja ndi chibwano, ananena kanthu kena, anadikira, n'kuseka kwambiri. Wakumbuyoyo anali atamuyankha zoseketsa.

Anthu a pakhonde la malo omwera khofi anamuona. Palibe anakuwa kanthu. Bambo wina anatsitsa kapu yake pang'onopang'ono.

"Dzenje!" anatero Norbert, podutsa pa miyala yoyala ija. Kenako, "Tikuima!"

Anaima pamalo pathu penipeni. Anatsitsa mapazi onse, anagwira mabuleki, n'kulimbitsa njinga kuti wakumbuyo atsike bwino. Anadikira. Ine ndinayenda kuchokera pansanja paja n'kukaima pambali pake.

Anandiyang'ana, ndipo anandidziwa. Chimenecho ndiye chinandimaliza. Sanandiyese mlendo ayi.

"Aa, Solange, watsika kale? Wafulumiratu." Anapukuta thukuta ndi mkono. "Koma lero wapalasa, mkazi iwe! Mtunda uja wa pambuyo pa kamlatho sindinaumve n'komwe. Wadya chiyani?"

"Vwende," ndinatero.

"Uzidya tsiku lililonse. Zaka zonsezi ndakhala ndikukoka katundu, lero lokha ndiye ndayenda ndi munthu."

Anaseka, n'kundigwira tsaya. Milomo yake inali itauma, yosweka ndi ludzu. Ndinamupatsa botolo, anamwa lonse osapuma, ndipo ndinamuika mpango uja pakhosi ngakhale unali utauma kale.

Ndinamukhazika pabenchi n'kumuuza kuti ayang'anire njinga. Ndinatulutsa foni m'chikwama chofiira. Séverine anali ataimba kangapo. Ndinapita pakati pa mlatho, pomwe ndinkatha kumuona, ndipo mwanayo anayankha isanaitane n'komwe.

"Amayi? Muli kuti? Ababa ali bwanji?"

"Ali bwino. Akupuma." Ndinayang'ana madzi. "Uwauze anthu a kunyumba ya okalamba aja kuti inde."

Ndinkayembekezera kuti anena kuti ndinakuuzani, ndipo ndinali nditakonzeka kumulalatira, mwina zikanandithandiza. Koma anangoti, "Chachitika n'chiyani, amayi?"

"Anyamuka osandimva."

"Ndibwera mawa m'mawa ndi galimoto," anatero. "Njingayo tidzaona pokaisiya."

"Njinga usaikhudze," ndinatero, n'kudula.

Kunyumba ya alendo kumene tinkagona nthawi zonse kunali tsidya lina la tauni, ndipo kuyenda pansi ndi Norbert pakati pa anthu ambiri n'kovuta kuposa kupalasa. Ndinamuuza kuti tiyeni. Anadzuka mosangalala, anakwera, anaika mapazi pansi, manja pa mabuleki. Ndinabweza mabotolo m'malo mwake. Ndinakwera pachishalo changa, chimene chinali chotentha ndi dzuwa, n'kuika mapazi pa zopalasira. Patsogolo panga panabwerera msana uja, khosi lija, kachipsera kaja.

"Katundu wakwera?"

Ndinatseka pakamwa. Ndinagwira zogwirira zanga mwamphamvu mpaka zala kuwawa, ndipo mumtima ndinkamupempha kuti adikire, monga anadikira tsiku lija tili achinyamata, aime pamenepo mpaka kude ngati n'kotheka, atembenuke, akwiye, andifunse kuti wakhala chete bwanji.

Anapendeketsa mutu pang'ono. Anaseka, n'kugwedeza mutu. Njinga inanyamuka.

Sindinaikepo mphamvu ngakhale pang'ono. Mapazi anga ankangotengedwa ndi tcheni, kukwera ndi kutsika, ndipo misozi inkatsikira m'khosi popanda woiona, chifukwa wakumbuyo saonedwa. Titakhota kulowa mumsewu wa mitengo uja, bambo wina wonenepa amene anakhala pakhonde ndi kapu ya vinyo anatiloza, nkhope yonse ikuwala ndi nzeru zimene wangozitulukira.

"Bambo inu! Wakumbuyoyo sakupalasa!"

"Ndikudziwa!" anakuwa Norbert mokondwa.

Bamboyo sananame.